Buku la Dokotala Silimatidwa ndi Guluu

"Masamba makumi asanu ndi limodzi, basi, ndiye mukuti mwatopa? Mwatopa ndi chiyani, aphunzitsi? Mwana wanga uyu walemba masamba mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Mazana atatu! Taimirira, Dokotala, akuone bwino."

"Ababa, ndaima kale."

"Ndiye sendera kuno kowala. M'patseni moni, aphunzitsi, mwina nzeru n'kukupatsiraniko ngati chimfine."

Mphunzitsi uja, bambo wa imvi zake amene ankamaliza digiri yoyamba atakula kale, anapukuta dzanja pa buluku n'kupereka moni. Iye anabwera kudzamangitsa kabuku kake, osati kudzachititsidwa manyazi, koma m'shopu ya a Chikuto masiku amenewo ziwirizi zinkayendera limodzi. Dokotala anamwetulira kumwetulira kwa pachithunzi, mumtima akuwerenga masiku. Linali Lachiwiri. Ndege yake inali ya Lamlungu. Ndipo buku lakelo, limene msewu wonse unkalidziwa kuchuluka kwa masamba ake, linali lisanasokedwe.

Dzina lake lenileni linatayikira pabwalo la ndege milungu itatu m'mbuyomo. Bambo ake anakuwa "Dokotala!" anthu onse n'kutembenuka, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wokumbuka kuti mtsikanayu anali ndi dzina. Ngakhale amayi ake pomutuma ankati, "Dokotala, tandipatsira mchere." Zaka zisanu anakhala kunja, kumene kumaliza digiri yotereyi anzako amangokugwira paphewa n'kufunsa kuti ntchito wapeza kuti. Kuno anapeza kuti wasanduka katundu wa pawindo.

A Chikuto nawo dzina la makolo linatsalira pachiphaso. Anawatcha choncho ophunzira akale, ena mwa iwo pano ndi agogo, chifukwa ukangolowa pakhomo funso loyamba silinali la moni koma, "Chikuto chamtundu wanji?" Shopu yawo inali kachipinda kuseri kwa yunivesite, pakati pa mayi wa fotokope ndi mayi wa telala. Munali tebulo lalitali lodzaza zipsera za mpeni, chopanira mabuku chachitsulo chimene amuna anayi sakanachinyamula, mpeni waukulu wodulira mapepala, mipukutu ya nsalu zakuda, zofiira ndi zobiriwira, ndi kabokosi ka zilembo zamkuwa zimene ankazitenthetsa n'kudinda nazo mayina agolide. Fungo lake linali la phula ndi fumbi la mapepala. Dokotala anali atakhala m'malaibulale a mayiko atatu, koma panalibe imene inkamuyetsemulitsa ngati kachipinda aka.

Sukulu a Chikuto anailekeza panjira bambo awo atamwalira. Anapeza ntchito yosesa zidutswa za mapepala pa kampani ina yosindikiza, ndipo kumeneko kunali mkulu wina womanga mabuku, wa zala zinayi kudzanja lamanja, chachisanu atachisiya pansi pa mpeni. Mkuluyo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangokulanda buku, kuligwira chikuto chimodzi n'kulikutumula. Tsamba likagwa, ankakuyang'ana n'kupita kukamwa tiyi. Tsiku limene buku la wosesa uja linakana kugwetsa tsamba, mkuluyo anasolola singano pa kolala ya malaya ake n'kum'patsa. Singano imeneyo inalipobe, yobuntha kunsonga, yopindika pang'ono ngati mwini wake, ndipo inkagona pa kolala ya a Chikuto tsiku lililonse la ntchito.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankadziwika ndi aliyense amene anamalizapo maphunziro pamenepo. Poyamba ankawerenga masamba, limodzilimodzi, chala chonyowetsa ndi malovu. Kenako ankafuna tsamba lothokoza n'kuliwerenga mokweza, mwini wake ali chiimire pomwepo, anthu ena ali pamzere.

"'Ndikuthokoza bwenzi langa lapamtima.' Ehe. Nanga amayi ako? Unagwa kuchokera mumtengo iwe?"

Ambiri ankathamangira kwa mayi wa fotokope kukakonza. Zikatero ndiye kusoka: masamba opindidwa m'timitolo, kamtolo kalikonse kobooledwa pamsana, ulusi wopaka phula kulowa ndi kutuluka, kuyambira kamtolo komaliza kubwerera koyamba, mpaka tonse titagwirana ngati mano. Guluu ankati ntchito yake ndi pachikuto basi. Buku logwiritsa masamba ndi guluu ankalitcha bodza.

"Chikomekome cha nkuyu chimenecho. Zaka ziwiri, liyamba kuthothoka ngati nkhuku yodwala."

Mabuku a ana a eni zikwizikwi anadutsa m'manja amenewo monga madzi adutsira m'paipi, paipiyo osamwako. Koma pansi pa tebulo lija pankakhala kamtsikana kojambula pa zidutswa za mapepala, mwana wawo mmodzi yekhayo. Kanali ndi diso lakuthwa ndipo kankakonda kulowetsa ulusi pa singano, koma bambo ake sankalola.

"Siya! Singano ndi yanga. Iwe udzalemba, ine ndidzasoka."

Ananena mawu amenewa mwina kamodzi pa mlungu kwa zaka khumi, ndipo kamtsikanako kankawayesa nthabwala.

Sanali nthabwala. Tsiku lofika lija, Dokotala asanavule nsapato, a Chikuto anali atayang'ana kale sutikesi.

"Buku lili kuti?"

"Kulibe buku, Ababa. Kumene kuja sitipereka mapepala. Umangotumiza pa kompyuta, basi."

"Zaka zisanu, n'kutumiza ngati uthenga wa pafoni?"

"Ndi bwino choncho. Aliyense padziko lonse akhoza kuliwerenga."

"Ine ndili padziko lonse. Lili kuti?"

Anayesa kuwafotokozera za mitengo imene imadulidwa chifukwa cha mapepala, za mashelefu odzaza mabuku osatsegulidwa ndi munthu, zoti nkhani yake ndi ya ngalande za m'mizinda ndi chifukwa chake zimasefukira, ndipo oiwerenga padziko lonselo mwina sangadzaze basi imodzi. A Chikuto anamva zonse, ndipo m'mawa mwake anauza mayi wa telala kuti mwana wawo walemba za madzi a dziko lonse. Walira mvula walira matope: Dokotala anabwera yekha kudzawaona makolo, ndiye anagonja. Mayi wa fotokope anasindikiza masambawo katatu, chifukwa mapepala oyamba a Chikuto anati ndi opyapyala ngati a nyuzipepala, achiwiri anati sakupindika bwino. Achitatu anawagwiragwira, kuwanunkhiza, n'kuvomera.

Apo panali milungu iwiri yapitayo. Chiyambire, masambawo ankakhala pashelefu yapamwamba atakulungidwa m'nsalu yoyera. Kukabwera munthu, a Chikuto ankakwera pampando, kuwatsitsa, n'kum'senzetsa. "Tamverani kulemera. Nzeru zimenezo." Akachoka munthuyo, pampando, pashelefu.

"Ababa, musoka liti?"

Tsiku loyamba anati kunja kuli chinyezi, mapepala akhoza kufufuma. Dzuwa litawala anati mapepala auma kwambiri. Kenako phula linali lakale. Kenako nsalu yakuda anati ikufanana ndi ya wina aliyense, yofiira ndi yaphokoso, yobiriwira ndi ya a zaulimi. Anamutuma Dokotala kutsidya la mzinda kukafuna yabuluu, mabasi awiri popita, awiri pobwera, ndipo atabwera nayo anaisisita ndi chala n'kunena kuti buluu wake ndi wa yunifolomu ya alonda. Dokotala anali atazolowera dziko limene munthu akati Lachitatu ndiye kuti Lachitatu. Ankayendayenda m'kachipindako, masitepe atatu uku, atatu uko, foni m'manja, akuyankha makalata a kuntchito yatsopano imene inkamudikira kunja Lolemba, mano ali gwa.

Koma chimene chinkamudya kwambiri sichinali kuchedwako. Chinali tsamba lachitatu. Buku lonse analilemba m'chilankhulo cha eni sukulu, koma tsamba lothokoza lokha analilemba m'chilankhulo chakwawo, ndipo mizere iwiri imeneyo inamuvuta kuposa mutu wachinayi wonse. Ankadziwa amene adzaliwerenge mokweza. Tsiku lolandira masamba, a Chikuto ananyowetsa chala n'kuyamba kuwerenga: limodzi, awiri, atatu. Pa lachitatu anaima kanthawi kongokwana kupuma kamodzi, nkhope ili duu, kenako anayi, asanu. Munthu amene anadzudzula matsamba othokoza a mzinda wonse sananene ngakhale "ehe".

Madzulo a Lachiwiri lija, akutsuka mbale ndi amayi ake, Dokotala anaphulika.

"Amayi, amuna anuwa akufuna chiyani kwenikweni?"

"Akakukwiyitsa ndiye asanduka amuna anga? M'mawa anali ababa ako."

"Anandiumiriza okha! Ine bukulo sindinkalifuna. Pano akungolionetsa ngati mwana wakhanda, kusoka ayi. Anthu kuno simudziwa kuti nthawi imapita?"

"Anthu kuno," anatero amayi ake, akupukuta mbale imodzimodzi kachiwiri. "Mwamva, mbale inu? Tasanduka anthu kuno."

"Sindinatanthauze choncho."

"Ine ndinalumbiritsidwa, mwana wanga, ndiye pakamwa panga n'potseka. Koma iwe si ndiwe wofufuza? Unafufuza ngalande zaka zisanu. Tafufuzako bambo ako masiku awiri."

Dokotala anangoti ndi zokamba za anthu okalamba, zoti chilichonse chikhale mwambi. Anapita kukalongedza sutikesi, ngakhale masiku anali adakalipo.

Lachinayi mphunzitsi wa imvi uja anabwera kudzatenga kabuku kake. Kanali kokongola, chikuto chakuda, dzina lagolide lowongoka bwino. Pamene a Chikuto ankafuna pepala lokulungira, Dokotala anakatsegula pakati, monga ankachitira ali mwana, kuti aone ulusi. Munalibe ulusi. Anatsegula pena. Msana wonse unali wouma gwa, wonyezimira guluu.

Anadikira mphunzitsiyo atuluke.

"Ababa, mwamata."

"Ana a masiku ano sasiyanitsa."

"Ameneyo ndi mwana? Ali ndi imvi kuposa inu! Ndipo tsamba lake lothokoza simunaliwerenge."

"Amalemba zopanda mchere masiku ano. Kutaya malovu."

Dokotala anasuzumira pashelefu ya mabuku odikira eni ake. Loyamba, guluu. Lachiwiri, guluu. Lachisanu, guluu.

"Ndiye ngati mwayamba kumata, matani langanso! Mphindi makumi awiri, tathana. Ine ndinyamuka Lamlungu!"

"Buku la Dokotala silimatidwa ndi guluu."

"Ndiye lisokeni!"

"Ndisoka mawa."

"Mawa lanulo lakwanitsa milungu iwiri! Mukudziwa, Ababa? Mawa m'mawa ndibwera kudzatenga masamba anga. Kumsika kuja kuli a makina, amaboola n'kulowetsa kawaya kozungulira, mphindi khumi. Chikuto chapulasitiki. Ndikupatsani limenelo muzionetsa anthu."

Akanawatukwana sakanawapweteka choncho. A Chikuto anagwira kolala ya malaya, pamene panali singano, ngati munthu wogwira chilonda. Anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Ndi ako," anatero. "Udzatenge."

Kunyumba anadya osalankhulana. Amayi ake ankayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, n'kumangowonjezera tiyi m'makapu osatha.

Lachisanu a Chikuto analawirira kusanache bwino. Dokotala anafika pa shopu cha m'ma seveni, chikwama chopanda kanthu paphewa, mawu okonzeratu ali pakamwa. Msewu unali usanadzuke. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo asanachikankhe anaona zimene zinali patebulo. Masamba ake sanali pashelefu. Anali atapindidwa kale m'timitolo makumi awiri, tosanjikiza bwinobwino, kalikonse kobooledwa pamsana, mabowo ali pamzere ngati anachita kuyeza ndi makina. Makatoni a chikuto anali odulidwa. Nsalu yabuluu ija, ya alonda ija, inali yoyezedwa ndi kudulidwa. Imeneyi sinali ntchito ya m'mawa umodzi.

Bambo ake anali pawindo, atapereka msana kukhomo. Dzanja lamanzere linakweza singano kowala. Lamanja linanyowetsa nsonga ya ulusi pamilomo, kuifinya, kuibweretsa pang'onopang'ono. Ulusi unadutsa pambali. Ananyowetsanso. Unadutsa mbali inayo. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuvala. Anasendeza singano pafupi ndi mphuno, kenako kutali, kenako kuitembenuza. Ulusi unapindika. Anauluma, kulavula kachidutswa, kuyambiranso. Pansi pawindo panali tizidutswa ta ulusi tambirimbiri, ngati pometera.

"Tsiku lililonse, chiperekereni masamba aja."

Anali mayi wa telala, akunong'ona, makiyi a shopu yake ali m'manja.

"Ng'ala, maso onse awiri. Kale ndinkawalowetsera ine, mwakachetechete. Tsiku lina ndinangoti, bambo, bwanji osapita kuchipatala akakuoneni? Basi, anandinyanyala. Chino n'chaka chachiwiri, moni yekha. Amayi anu nawo singano anaisiya kalekale. Ndiye anayamba guluu. Manja ali bwinobwino, mayi, zilembo zamkuwa zija amazidziwa ndi chala. Vuto ndi kabowo ka singano kokhako."

Dokotala anakumbukira tiyi wotayikira m'mbali mwa kapu, mabatani olakwika, "sendera kuno kowala". Anakumbukira tsamba lachitatu ndi kupuma kumodzi kuja. Ndipo chimene chinabwera poyamba sichinali chisoni. Unali mkwiyo weniweni, woti akanatha kugubuduza chopanira chachitsulo chija yekha. Milungu iwiri! Mabasi anayi! Munthu wamkulu kulolera kutchedwa waulesi ndi mwana wake, kulolera pulasitiki, kusiyana n'kunena mawu atatu okha akuti maso anga afooka! Anapuma katatu, n'kugogoda pachitseko chotsegulacho.

Singano inabwerera pa kolala mofulumira ngati yakuba.

"Wabwera kudzatenga."

"Ndabwera kudzaona ulusi. Kunja kuja amati ulusi wa kuno ndi wowola."

"Amatero ndani?"

"Aliyense. Mapulofesa."

"Mapulofesa adziwa chiyani za ulusi? Gwira uwu! Koka! Duka nawo ngati ungathe!"

Anaukoka. "Wolimba. Koma ukuoneka wonenepa. Sungalowe pa singano yanu yakaleyo."

"Walowa zaka zonsezi!"

"Ndione."

A Chikuto anazindikira mochedwa kuti alowa mumsampha. Anasolola singano n'kuipereka akuyang'ana kumbali. Dokotala ananyowetsa ulusi, kamodzi, n'kuukoka mbali inayo. Anaika singano patebulo, pafupi ndi kamtolo komaliza.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Koma poti walowa kale, musautaye."

Kunja mayi wa fotokope ankakweza chitseko chake chachitsulo mwaphokoso. A Chikuto anakoka mpando. Anapapasa patebulo, kupeza singano, kudutsitsa ulusi pa phula kawiri. Ndipo manja aja anadzuka. Sanayang'ane n'komwe. Chala chinkapeza bowo, singano kulowa, kutuluka, kukoka, kumanga, kamtolo kena pamwamba. Nkhope inali itayang'ana kukhoma ngati ya munthu womvetsera nyimbo yakutali. Dokotala anali ataiwala phokoso limenelo, kulira kwa ulusi waphula podutsa m'pepala, phokoso limene ankagona nalo pansi pa tebulo.

Timitolo tiwiri titagwirana, ulusi unatha. A Chikuto analumikiza wina ndi mfundo yaing'ono, nsonga inayo ili lende. Singano inatsala m'manja mwawo, yopanda ulusi. Dokotala anatambasula dzanja.

"Ndinati iwe udzalemba," anatero bambo ake, mawu ali pansi.

"Ndalemba. Masamba mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Mwauza msewu wonse, ngakhale agalu akudziwa. Tsono bweretsani."

"Dokotala wathunthu, kukhala wolowetsa ulusi."

"Ababa, singano!"

Anaipereka.

Anagwira choncho mpaka dzuwa litafika pamutu, akukangana njira yonse. Ulusi wadula wautali. Ulusi wadula waufupi. Usagwire masamba ndi manja a thukuta. Dokotala atangoyamba za kuchipatala, a Chikuto anati maso awo ali bwino, ndi mababu a masiku ano amene sawala. Foni ya Dokotala inalira katatu m'chikwama, osaiyankha. Kunabwera ophunzira awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu panalibe amene anauzidwa kuti Dokotala aimirire. Anangouzidwa kuti abwere Lolemba.

Katatsala kamtolo kamodzi, koyambirira, Dokotala anakagwira.

"Lamulo la shopu ino ndi loti tsamba lothokoza liwerengedwe mokweza. Inu mwaliphwanya."

"Ndinaliwerenga kale."

"Likuti chiyani?"

"Likuthokoza."

Anatsegula tsamba lachitatu. Anawerenga mwaukali, ngati chidziwitso cha pasiteshoni.

"Kwa bambo anga, amene kwa zaka makumi anayi asoka mabuku a ana a eni, akudikira ili."

A Chikuto anatulutsa mpango m'thumba n'kumina mwamphamvu, nanena kuti fumbi la mapepala awa ndi loipa. Anapinda mpangowo kanayi, kuubweza m'thumba, n'kugogoda patebulo ndi chala.

"Makumi anayi ndi chimodzi."

"Pepani?"

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Singano iyi ndinailandira mwezi wachitatu. Kakonze."

"Ababa! Chaka chimodzi!"

"Chaka chimenecho ndinagwira ntchito. Dokotala wathunthu kulephera kuwerengera? Anthu akaona adzati masamba enawo ndi abodzanso. M'shopu muno simutuluka buku lolakwika."

Dokotala anatuluka akudzilankhulira yekha m'zilankhulo ziwiri. Mayi wa fotokope, atamva chimene abwerera kachinayi, anaseka mpaka kutsamira makina. Pepala litasindikizidwa, a Chikuto analinunkhiza n'kulamula kuti ligone pansi pa chopanira mpaka m'mawa, inki iume. Dokotala anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma bambo ake anali akuwerenga kale pa zala: Loweruka m'mawa kamtolo komaliza, masana chikuto, madzulo zilembo zagolide, ligone m'chopanira, Lamlungu m'mawa lituluke.

"Ndege yako ndi ya madzulo. Ulinyamule pamanja, osati m'sutikesi. Amaponya katundu anthu aja."

"Si mumati ndi lanu, loonetsa anthu?"

"Loyamba ndi la mwini wake. Langa udzasindikizenso, ndidzasoka pang'onopang'ono."

A Chikuto anatseka shopu n'kutsogola, akuti akauze akazi awo kuti ntchito ya Dokotala yayenda bwino chifukwa chinyezi chatha. Dokotala anatsala pamsewu. Pang'onopang'ono, anatero. Ndi ulusi wolowetsa ndani? Lolemba iye adzakhala ali kutali, m'chipinda cha mawindo aakulu, ndipo kuno kudzakhala munthu pawindo akuluma ulusi, chitini cha guluu chili pambali.

Analowa kwa mayi wa telala.

"Muli ndi singano zikuluzikulu?"

"Zilipo. Zingati?"

"Paketi yonse."

Mayiyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana khoma la shopu ya a Chikuto. "Adzakana. Adzati zakuthwa, zachabechabe, si za mabuku."

"Akane. Nsonga ndibunthitsa pa mwala. Ndilowetsa ulusi zonse, ndizibaya pa kansalu, ndizisiya patebulo. Akafuna azitaye okha."

"Nanga zikatha?"

"Zikatha mudzazipeza pawindo panu zopanda ulusi, m'mawa, popanda wonena kanthu. Inunso musadzanene za chipatala. Imeneyo ndi nkhondo yanga ndi amayi."

Mayi wa telala anaseka n'kutsegula kabati. Kapaketi kake kanali kakuda, kakang'ono ngati ka machesi, singano makumi awiri ndi zisanu zitandandalika m'kati. Dokotala anakaponya m'chikwama chimene anabweretsa kuti anyamulire masamba mazana atatu, koma kanasowa m'menemo, ndiye anakatulutsa n'kukafumbata. Basi yoyamba inadutsa yodzaza, yachiwiri sinaime. Anatukwana pang'ono m'chilankhulo chakunja, n'kuuyamba wapansi kupita kunyumba, kapaketi kali m'manja.